Kaundula wa m'bokosi la azakhali

Masamba anayi a mabishopu

Chaka chatha akuluakulu a parishi yathu mumzinda wa Lilongwe anandipempha kuti ndilembe mbiri yachidule ya mpingo wa Anglican m'Malawi, yoti ikawerengedwe pa tsiku lokumbukira kudalitsidwa kwa tchalitchi chathu. Anandisankha chifukwa ndimaphunzitsa ku sekondale, komanso chifukwa amadziwa kuti kwathu ndi kunyanja, kumene munthu amabadwa n'kuupeza mpingowu uli kale m'banja mwake ngati mfunda. Ndinavomera mosazengereza, ndipo m'masabata awiri ndinali nditadzaza masamba anayi amene ndinkawanyadira kwambiri.

Ndinayambira pamene aliyense amayambira, ku Cambridge pa 4 Disembala 1857, pamene David Livingstone anapempha anyamata a m'mayunivesite a ku Britain kuti apitirize ntchito imene iye anaiyamba mu Africa. Ndinalemba za bungwe la amishoni la Universities' Mission to Central Africa (UMCA) limene linabadwa chifukwa cha pempholo, za Bishopu Charles Mackenzie amene anadzozedwa ku Cape Town pa 1 Januwale 1861 n'kudzamanga misasa ku Magomero m'mwezi wa Julaye chaka chomwecho, ndi za imfa yake ya malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Ndinafotokoza kuti Bishopu William Tozer, ataona kuti manda akuchuluka, anasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864, ndipo kuti patapita zaka pafupifupi makumi awiri mpingowu unabwereranso kuno kudzera kunyanja, n'kukhazikika pachilumba cha Likoma mu 1885. Kuchokera pamenepo ndinangondandalika maina monga mmene mwana wa sukulu amalakatulira ndakatulo: Wilfrid Hornby, bishopu woyamba wa Nyasaland mu 1892, Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895 asanafike n'komwe pampando wake, John Hine, Gerard Trower, Cathrew Fisher, Gerald Douglas, Frank Thorne, amene anatsogolera zaka 25, Donald Arden, kenaka Josiah Mtekateka ndi onse amene anabwera pambuyo pake.

Zonsezi zinali zoona, ndipo mpaka lero sindinapezemo chaka cholakwika. Mapepalawo ndinawaika m'chikwama popita ku Nkhotakota, kumene banja lathu linkakumana pa mwambo wa chiliza cha malemu bambo anga aang'ono. Ndikhale woona mtima, cholinga changa chinali choti ndikawerengere azakhali anga kuti akanditamande.

Pakhonde

Azakhaliwo ndi mlongo wamkulu wa bambo anga, ndipo zaka zawo zapitirira 80. Maso awo anayamba kuchita chidima, koma makutu ndi mutu zili bwinobwino, moti nyimbo ndi mapemphero a Misa amazinena pamtima buku lili chitsekere pamiyendo. Kwa zaka zambiri anatsogolera amayi a Mothers' Union m'dera lawo, ndipo mpaka pano yunifolomu yawo imakhala yosita, yopachikidwa kuseri kwa chitseko, ngakhale kuti miyendo siwalolanso kufika kutchalitchi Lamulungu lililonse.

Madzulo a tsiku la mwambolo, alendo atabalalika, tinakhala pakhonde, iwo pamkeka, ine pampando wandalema. Mwera unali utayamba, ndipo mkokomo wa mafunde unkamveka ngakhale kuti nyumbayo ili kataliko ndi gombe. Ndinawerenga pang'onopang'ono, ndikusamala kwambiri katchulidwe ka maina a azungu. Nditafika pa dzina la Maples anagwedeza mutu, pakuti manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints ku Nkhotakota komweko, ndipo palibe Mkhristu wa kumeneko amene sanamvepo kuti mkanjo wake wa unsembe ndiwo unamulemera m'madzi ngalawa itagubuduka. Pa dzina la Thorne anamwetulira nanena kuti ameneyo ndiye anawasanjika manja ali mtsikana. Nditamaliza ndinapinda mapepala n'kudikira.

Anakhala chete kwa kanthawi ndithu, kenaka anafunsa kuti, "Wamaliza, mwana wa mlongo wanga?"

"Ndamaliza, azakhali."

"Walemba bwino, ndipo palibe bodza. Koma ndifunseko. Mwa akuluakulu onse wawatchulawa, ndani amene anagwira dzanja la bambo ako kuti alembe a, e, i, o, u?"

Ndinayankha kuti palibe, pakuti bambo anaphunzitsidwa ndi agogo.

"Nanga amene ankaliza belu m'mudzi m'mawa uliwonse, wansembe atatha miyezi osaoneka, wamulemba pa tsamba liti? Ine ndamva za anthu amene ankabwera pa sitima n'kubwerera pa sitima. Za amene ankatsala pagombe sitima ikapita sindinamve."

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati ndinapemphedwa mbiri yachidule, ndipo m'mbiri yachidule munthu amatchula atsogoleri okha, chifukwa aphunzitsi anali ambirimbiri ndipo maina awo sapezeka m'mabuku. Iwo sananditsutse. Anangoitana kamdzukulutuvi kawo kamene kankasewera pabwalo, n'kukatuma kuti kakakoke bokosi lachitsulo la pansi pa bedi. Bokosilo ndinkalidziwa kuyambira ndili mwana, ndipo ndinkaliyesa losungiramo nsalu za maliro. Analitsekula mopapasa, nachotsa nsalu ziwiri zitatu, kenaka anatulutsa chinthu chokulungidwa m'chitenje chakale n'kundipatsira ndi manja awiri.

"Akuti maina sapezeka m'mabuku," anatero. "Tsegula ili, uwerenge mokweza monga unawerengera azungu aja."

Zimene zinali m'katimo

Linali buku lalitali la chikuto cholimba, lodyedwa ndi njenjete m'mbali, ndipo nditalitsegula ndinazindikira kuti ndi kaundula wa sukulu. Anali kaundula wa sukulu ya m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja kumene agogo anga aamuna anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1930. Agogowo sindinawaone, chifukwa anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo m'banja mwathu sankatchulidwa dzina. Aliyense, ngakhale ana awo, ankangoti Amwalimu. Ndinkadziwa kuti anabadwira ku Likoma ndi kuti anaphunzira uphunzitsi pa koleji ya St Michael's pamene inali ku Makulawe, kumpoto kwa chilumbacho. Kupitirira apo sindinadziwe kanthu, ndipo ndikuvomereza kuti sindinafunsepo.

Kumanzere kwa tsamba lililonse kunali maina a ana, olembedwa ndi inki m'zilembo zopendekeka zooneka bwino kuposa zanga, ndipo kumanja kunali timizere ta masiku, kusonyeza amene anabwera ndi amene sanabwere. Ndinayamba kuwerenga mokweza monga anandiuzira. Pa dzina lachitatu anandiimitsa nati ameneyo anadzakhala kalaliki ku boma. Pa lachisanu ndi chiwiri anati anapita ku migodi ya ku Joni ndipo ankalembera anzake makalata opita kumudzi. Wina anadzakhala mzamba, wina anamira ali mnyamata, wina ndi agogo ake a munthu amene tinadya naye nsima masana a tsiku lomwelo. Maso awo sankaona tsambalo, komabe ankalidziwa kuposa ine amene ndinaligwira.

Zinthu zing'onozing'ono za m'bukulo ndizo zinandigwira mtima. Pambali pa maina ena panali kamtanda kakang'ono, ndipo azakhali anandifotokozera kuti amenewo ndi ana amene analandira mtanda, ndiko kunena kuti anachoka m'gulu la ongomvera mawu n'kulowa m'kalasi yokonzekera ubatizo, monga unalili mwambo wa UMCA. Ana ena anali ndi maina awiri, lakubadwa nalo ndi lina lowonjezedwa pambuyo pake ndi inki yosiyana, limene linali la ubatizo. Panalinso maina achisilamu angapo opanda kamtanda, a ana amene makolo awo anawalola kudzaphunzira kuwerenga koma osati kubatizidwa, ndipo agogo anawalemba mumzere umodzi ndi anzawo. Maina a atsikana analipo, ngakhale kuti ambiri ankathera pakati pa chaka. M'miyezi imene mpunga umacha timizere ta kujomba tinkachuluka tsamba lonse, pakuti ana ankakhala kudimba kuingitsa mbalame. M'mphepete mwa tsamba lina munalembedwa chiwerengero cha masileti, ndi mawu akuti awiri asweka.

Chilankhulo cha timawu ta m'mphepetito chinali Chinyanja cha kunyanja, chosiyana pang'ono ndi Chichewa chimene ndimaphunzitsa, ndipo munali mawu amene azakhali amawagwiritsabe ntchito mpaka lero, monga mwalimu, padre ndi askofu. Ndili mwana ndinkayesa kuti ndi kalankhulidwe ka okalamba chabe. Usiku umenewo ndi pamene ndinayamba kudzifunsa kuti mawu a Chiswahili anafika bwanji m'kamwa mwa msodzi wa ku Likoma, ndipo yankho lake linanditengera ku gawo la mbiri limene ndinalidumpha.

Amene ankatsala pagombe

Nditabwerera ku Lilongwe ndinawerenganso zimene ndinawerenga poyamba, koma ulendo uno ndikuyang'ana anthu a m'mizere ya pansi. Ndinapeza kuti zaka zimene mishoni inakhala ku Zanzibar, zimene ine ndinazilemba ngati nthawi yongodikira, ndizo zinapanga mpingo umene tili nawo. Kumeneko, pasukulu ya Kiungani, amishoni anaphunzitsa anyamata opulumutsidwa ku ukapolo, ena mwa iwo ochokera kumadera a nyanja yathu yomweyi, ndipo pamene William Percival Johnson anayamba ntchito yake kunyanja m'zaka za m'ma 1880, aphunzitsi amene anawadalira anali ochokera kumeneko. Mmodzi wa iwo anali Augustine Ambali, amene anagwidwa ukapolo ali mwana, n'kudzakhala mphunzitsi ndipo kenaka wansembe ku Msumba, kutsidya la Mozambique, kwa zaka zambiri. Chiswahili cha azakhali chinabwera ndi anthu amenewa.

Johnson mwiniwake ndi munthu woyenera ulemu wonse umene amapatsidwa. Anadwala maso mpaka kutsala pang'ono kukhala wakhungu, komabe anakhala kunyanja zaka zoposa 40, anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja, ndipo anamwalira mu 1928 n'kuikidwa ku Liuli, mbali ya Tanzania. Koma nzeru yake yaikulu, mmene ndikuonera ine, inali kuzindikira kuti azungu ochepa, odwaladwala malungo, sangathe kukhala m'mudzi uliwonse. Njira yake inali yoika mphunzitsi wachikuda m'mudzi, n'kumauyendera mudziwo pa sitima. Sitima yoyamba, Charles Janson, inayamba kuyenda mu 1885, ndipo yachiwiri, Chauncy Maples, inapangidwa ku Glasgow, inabwera m'zidutswa zikwizikwi zonyamulidwa pamutu m'malo amene mtsinje wa Shire uli ndi mathithi, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1901. Sitimayo inkakocheza pamudzi, wansembe n'kutsika kudzachita Misa, kudzayesa ana ndi kudzabatiza amene akonzeka, kenaka inkanyamuka kupita mudzi wina. Masiku ena onse mpingo m'mudzimo unali m'manja mwa munthu mmodzi, amene m'mawa ankatsogolera mapemphero, kenaka n'kuphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi masamu, masana n'kuphunzitsa katekisimu, ndipo kukagwa maliro ankaika yekha. Analinso ndi munda wake woti alime, mkazi ndi ana oti adyetse, ndiponso mfumu ya mudzi yoti akhale nayo bwino, pakuti sukulu inkaima pa malo a mfumu ndi pa chilolezo chake.

Koleji imene inkasula anthu amenewa inayambira ku Kobwe, kutsidya la Mozambique loyang'anana ndi Likoma, kumayambiriro kwenikweni kwa zaka za m'ma 1900. Mu Novembala 1911 mkulu wake, wansembe Arthur Douglas, anawomberedwa ndi msilikali wa Chipwitikizi, ndipo zitatero kolejiyo inasamutsidwira ku Likoma, kumene agogo anaipeza. Pambuyo pake inasamukiranso ku Malindi m'boma la Mangochi, ndipo dzina la St Michael's likadali komweko pa sekondale ya atsikana.

Pali dzina limodzi limene ndinachita nalo manyazi kwambiri kuti ndinalisiya, pakuti lili pachipata cha koleji yathu ya zaubusa ku Zomba. Leonard Kamungu, mwana wa ku Chia m'mphepete mwa nyanja, anayamba ngati mwana wa sukulu ya mishoni, anakaphunzira ku Zanzibar, anadzozedwa udikoni mu 1902 ndi unsembe mu 1909, kenaka anasiya kwawo n'kupita ku Msoro, m'dziko limene lero ndi Zambia, kukayambitsa mpingo pakati pa anthu amene sanali a mtundu wake. Anamwalira kumeneko mu 1913. Iye asanadzozedwe kunali kale Yohana Abdallah, Myao amene analandira unsembe mu 1898 n'kutumikira ku Unangu, amenenso analemba mbiri ya mtundu wake m'Chiyao. Anthu amenewa maina awo amapezeka m'mabuku ndithu, ndiye chonamizira changa cha pakhonde chija chinali chopanda mutu. Chimene chinachitika n'chakuti ndinazolowera kuwerenga mbiri ya mpingo poyang'ana pampando wa bishopu pokha.

Ngakhale tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Likoma ndinachilemba mwa njira yomweyo. Ndinalemba kuti mwala wa maziko unaikidwa ndi Bishopu Trower mu 1903, kuti mapulani anajambula Frank George, kuti chinapatulidwa mu 1911, ndiponso kuti chinamangidwa pa Chipyela, malo amene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Sindinalembe kuti nyumba yotalika pafupifupi mamita 100 pachilumba chopanda msewu inamangidwa ndi amisiri achikuda ophunzitsidwa pamishoni pomwepo, ndi kuti miyala ndi dothi zinafika pamalopo pa mitu ya anthu a pachilumbacho, amayi ndi abambo. Azakhali amati amayi awo a Amwalimu anasenzako. Umboni wa pepala palibe, koma sindikuona chifukwa chowakayikira.

Zaka 104

Pali chiwerengero chimodzi chimene chinali m'masamba anga anayi aja koma ine osachiona. Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861, ndipo Mmalawi woyamba kukhala bishopu mumpingowu, Josiah Mtekateka, anadzozedwa mu 1965, dziko litalandira kale ufulu wodzilamulira. Pakati pa zaka ziwirizi pali zaka 104. Ngakhale titayambira kuwerenga pa unsembe wa Kamungu, zikutsalabe zaka 56 zimene mpingo unali ndi ansembe achikuda odziwa ntchito yawo koma wopanda ndi mmodzi yemwe pampando wotsogolera.

Ndalingalira kwambiri za chifukwa chake, ndipo sindikufuna kuweruza mopupuluma anthu amene ambiri a iwo anasiya kwawo, sanakwatire, ankalandira ndalama yochepa kwambiri ndipo anafera kuno. Amishoni a UMCA anali ndi maganizo amene pa nthawi yawo anali aulemu kwa munthu wakuda. Sankafuna kusandutsa Mnyanja kukhala mzungu wakuda. Ankafuna kuti wansembe adye chimene anthu ake akudya, agone m'nyumba yonga yawo ndipo apemphere m'chilankhulo chawo. N'chifukwa chake anaika mphamvu zawo pa sukulu za m'midzi, pa makina osindikizira mabuku a Chinyanja ku Likoma, ndi pa kuphunzitsa atsikana pamodzi ndi anyamata, moti chilumba chaching'onocho chinatchuka kuti pafupifupi aliyense kumeneko amadziwa kuwerenga, ndipo ana ake anamwazikira m'maofesi a m'dziko muno ndi m'maiko oyandikana nawo monga makalaliki, aphunzitsi ndi othandiza m'zipatala.

Koma maganizo omwewo anali ndi mbali yake ina. Poopa kuti maphunziro apamwamba angachotse mwana pakati pa anthu ake, mishoniyi sinathamangire kumanga sukulu yonga imene a Livingstonia anatsegula ku Khondowe mu 1894, yophunzitsa Chingerezi chozama ndi ntchito zosiyanasiyana. Zotsatira zake zinali zakuti munthu wakuda ankadaliridwa kusunga mudzi wonse yekha kwa miyezi, koma sankakonzekeretsedwa kusunga mabuku a ndalama za dayosizi kapena kukhala pa misonkhano imene zinthu zinkagamulidwa. Ndi chinthu chodabwitsa kuti mpingo umene unafulumira kupereka choko kwa Mmalawi unachedwa chotero kum'patsa ndodo ya ubusa. Uku ndi kuona kwanga, ndipo wina akhoza kunditsutsa, koma kaundula wa agogo sandilola kukhulupirira kuti vuto linali kusowa kwa anthu okhoza.

Zinthu zinasintha mofulumira atabwera Donald Arden mu 1961. Iye anakhazikitsa likulu la dayosizi ku Malosa, pafupi ndi msewu ndi Zomba, kumene kulinso sekondale ya Malosa ndi chipatala cha St Luke's, ndipo m'nthawi yake ndi pamene Mtekateka anaitanidwa kuchokera ku Tanzania, kumene ankatumikira, kudzakhala bishopu wothandiza. Mu 1971 dayosizi inagawidwa pawiri, Mtekateka n'kukhala bishopu woyamba wa Lake Malawi. Peter Nyanja anam'lowa m'malo mu 1978, Dunstan Ainani analowa m'malo mwa Arden kum'mwera, ndipo kugawidwa kwina kunabala dayosizi ya Northern Malawi mu 1995 ndi ya Upper Shire mu 2002. Patapita nthawi Mmalawi, Bernard Malango, anakhala arkibishopu wa chigawo chonse cha Central Africa, ndipo James Tengatenga anasankhidwa mu 2009 kukhala wapampando wa Anglican Consultative Council, bungwe lokumanitsa mipingo ya Anglican ya dziko lonse lapansi.

Chimene chinandikhazika pansi ndi kudziwa kuti Mtekateka mwiniwake, amene anabadwira ku Likoma mu 1903, anadutsa pa St Michael's n'kuyamba ntchito monga mphunzitsi asanalowe unsembe. Bishopu wathu woyamba anali mwalimu wa m'badwo wa agogo anga, wodziwa kuwerenga masileti osweka ndi kulondola ana othawira kudimba. Nditawauza azakhali pa foni za kutulukira kwangaku, anaseka nati zimenezo aliyense wa ku Likoma amazidziwa, ndipo ndi ife a m'tauni okha amene timazipeza m'mabuku.

Ine ndimaphunzitsa pasukulu ya boma, koma anzanga ambiri ali m'sukulu za mpingo, za pulayimale ndi za sekondale, kumene malipiro amachokera ku boma pamene malo, nyumba ndi mwambo wa sukulu ndi za mpingo. Tikakumana timadandaula za kuchuluka kwa ana m'kalasi ndi kuchepa kwa mabuku, ndipo madandaulowo ndi oona. Kuyambira tsiku la pakhonde lija, komabe, ndikamaitana maina m'kalasi m'mawa ndimachita mosamala kuposa kale, ndipo ndinasiya chizolowezi chopatsa mwana kaundula kuti andichongere.

Tsiku lowerenga

Mbiri ija ndinailembanso. Mabishopu sindinawachotse, pakuti nawonso anagwira ntchito yawo ndipo ena anaifera, koma ndinawapanikiza pa tsamba limodzi ndi theka. Malo otsalawo ndinapereka kwa Ambali, Abdallah, Kamungu, kwa koleji imene inayenda kuchokera ku Kobwe kupita ku Makulawe mpaka ku Malindi, ndi kwa ntchito ya mphunzitsi wa m'mudzi kuyambira belu la m'mawa mpaka pemphero la madzulo. Mmodzi wa akuluakulu a parishi, ataona zimene ndinalemba, anandifunsa mwaulemu ngati sikukhala kupeputsa atsogoleri. Ndinamuyankha kuti ndinaphunzitsidwa zimenezi ndi mayi wa Mothers' Union wa zaka zoposa 80, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo, pakuti mumpingo mwathu palibe bambo amene amafuna kukangana ndi amayi amenewo.

Kaundula weniweniyo sindinabwere naye. Azakhali anakana kwamtuwagalu, nati bukulo lidzatuluka m'nyumba mwawo iwo atatuluka kale, choncho ndinangojambula masamba ake ndi foni, tsamba ndi tsamba, kamdzukulutuvi kaja katandigwirira tochi. Pa tsiku la chikondwerero, nditamaliza kuwerenga mbiri, ndinapempha wansembe kuti andilole mphindi ziwiri, ndipo ndinawerenga maina a tsamba limodzi la kaundulayo monga mmene mphunzitsi amaitanira m'kalasi. Sindinayembekezere chilichonse, chifukwa Lilongwe ili kutali ndi mudzi umenewo ndipo papita zaka pafupifupi 90.

Misa itatha, anthu akupita kumene kunali chakudya, mayi wina wachikulire wovala yunifolomu ya Mothers' Union anandidikira pakhomo la tchalitchi. Anandipatsa moni mwaulemu, nandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mudzi umene mwautchula uja, kaundula wake muli naye yense kapena tsamba lokhalo?" Ndinati ndili naye yense m'foni. Anandiuza kuti mayi awo anabadwira m'mudzi woyandikana nawo, ndipo ankakonda kunena kuti anaphunzira kuwerenga kwa mwalimu wina wa ku Likoma asanawasiyitse sukulu kuti akakwatiwe. Anatchula dzina lawo la ubatizo, ndipo tinakhala pa benchi ya panja n'kuyamba kufufuza, ine ndikukulitsa zithunzi ndi zala, iwo atasendeza magalasi kumapeto kwa mphuno. Tinadutsa masamba onse osalipeza.

Anali atayamba kale kundithokoza kuti azipita pamene ndinakumbukira za inki ya mitundu iwiri ija, ndipo ndinawafunsa dzina limene mayi awo ankaitanidwa nalo asanabatizidwe. Anaganiza kwa nthawi yaitali, nanena kuti analimvapo kamodzi kapena kawiri ali mwana, koma lawathawa. Anati mkulu wawo amene ali ku Dwangwa angalikumbuke, ndipo analemba nambala yanga kuseri kwa pepala la ndondomeko ya Misa. Anandiimbira patapita masiku anayi, usiku, ndili pakati pochonga mayeso, ndipo ndinawapempha kuti asadule foni pamene ndinkatsegula zithunzi zija kuyambira tsamba loyamba.